Kubereketsa Ng'ombe Popanda Nkhunzi: Mmene Mlimi wa ku Chigwa Angayambire ndi Ndalama Zochepa

Ena mwa inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli pa benchi la chipatala kudikira kuti mwana akwere sikelo, ndipo mwina mwadabwa kuona phunziro la ng'ombe m'magazini a za umoyo. Musadabwe. Kuno ku Chigwa cha Shire, kuyambira ku Chapananga mpaka ku Marka, umoyo wa banja ndi umoyo wa khola n'zoyendera pamodzi. Ng'ombe ndiyo imalipira sukulu, ndiyo imagula chimanga chaka cha njala, ndiyonso ingapatse mwana mkaka wothira m'phala. Komatu ng'ombe yomweyo ingabweretse matenda m'nyumba ngati sitisamala.

Pa ntchito yanga yoyendera midzi ndimaona chinthu chimodzi chomvetsa chisoni: pakhomo pali ng'ombe zisanu kapena khumi, koma mwana wa pakhomopo ngonyentchera, ndipo satha kulawa mkaka ngakhale kamodzi pa mlungu. Mukafunsa, mwini khola amayankha kuti ng'ombe zake zilibe mkaka, kapena zatha zaka ziwiri osabereka. Mwezi uno tsono tiphunzira njira imodzi yokonzera mtundu wa ng'ombe zathu, zipangizo zimene zimafunika, zimene mlimi ayenera kugula ndi zimene sayenera kugula, ndiponso mmene angadzitetezere ku matenda pa ntchito yonseyi.

Vuto la nkhunzi ya m'mudzi

Ng'ombe zathu za makolo, zalinunda zija, n'zolimba kwambiri. Zimapirira dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumapyola madigiri 40, zimayenda mtunda wautali kupita kudambo, ndipo sizigonja msanga ndi nkhupakupa. Zimenezi si zinthu zonyoza. Koma mkaka wake ngochepa: thole likayamwa, wokama amapeza lita imodzi kapena awiri basi pa tsiku.

Chimene chimabwezera makola ambiri m'mbuyo ndi kasankhidwe ka nkhunzi. Vuto likagwa pakhomo, timagulitsa ng'ombe yamphongo yaikulu ndi yooneka bwino chifukwa ndiyo ili ndi mtengo. Yotsala m'khola imakhala yofooka, ndipo ndiyo imakwera zazikazi zonse. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi, nkhunzi yomweyo imayamba kukwera ana ake. Matole obadwa mwa njira yotere amakhala aang'ono, okula mochedwa ndi osachedwa kufa.

Amene alibe nkhunzi amabwereka kwa mnansi, kapena amangodalira zimene zichitike kudambo. Apa pali ngozi ina. Alipo matenda opatsirana pokwerana amene nkhunzi imawatenga kwa ng'ombe ina n'kukawasiya kwa ina, iyo mwini osaoneka kudwala. Ng'ombe yaikazi yopatsidwa matendawa imakweredwa kambirimbiri osaima, kapena bere limachoka lili laling'ono. Mwini wake amangoti ng'ombeyo njosabereka, pamene gwero la vuto ndi nkhunzi.

Kugula nkhunzi ya mtundu wabwino n'kodula, ndipo kwa munthu wa ng'ombe zazikazi zitatu kapena zinayi n'kuwononga chuma: imadya chaka chathunthu chifukwa cha ntchito ya masiku owerengeka, ingafe, ingabedwe, ingapite ndi madzi osefukira.

Kodi njira imeneyi ndi yotani?

M'malo motengera ng'ombe yaikazi kwa nkhunzi, akatswiri amatenga umuna wa nkhunzi yosankhidwa bwino ndi yoyezedwa matenda. M'phunziro lino umunawu tiziutcha mbewu. Amaisakaniza ndi mankhwala oiteteza, amaigawa m'timachubu tapulasitiki toonda ngati udzu, ndipo amaiumitsa ndi kuzizira koopsa. Kachubu kamodzi kamakhala ndi theka kapena gawo limodzi la magawo anayi a mililita, ndipo n'kokwanira ng'ombe imodzi. Pa kachubu kalikonse amalembapo dzina kapena nambala ya nkhunzi, mtundu wake ndi tsiku limene mbewuyo idakonzedwa. Ng'ombe yaikazi ikafuna nkhunzi, munthu wophunzitsidwa amasungunula kachubu kamodzi ndi kuika mbewuyo m'chibaliro ndi chida chake.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 katswiri wa ku Russia dzina lake Ivanov adaigwiritsa ntchito pa akavalo ndi ziweto zina. M'chaka cha 1936 alimi a ku Denmark adapanga bungwe loyamba logwirira pamodzi ntchitoyi. M'chaka cha 1949 akatswiri atatu a ku England, Polge, Smith ndi Parkes, adapeza njira youmitsira mbewu popanda kuipha, ndipo kuyambira pamenepo zidatheka kuisunga zaka zambiri ndi kuitumiza kutali. Muone bwino kuti alimi a ku Denmark aja sadayambe aliyense payekha. Adayamba ngati gulu. Mfundo imeneyi tibwereranso.

Kwathu kuno Boma lidaika malo osungira nkhunzi ndi kukonzera mbewu ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu. Amene apindula kwambiri ndi njirayi ndi alimi a ng'ombe za mkaka a kumtunda, ku Blantyre, Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, amene amasonkhanitsa mkaka m'magulu awo pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Kuno ku Chigwa, kumene ng'ombe n'zambiri koma zimadya mosakanikirana kudambo, njirayi sidazike mizu, ndipo zifukwa zake tiziona.

Mudziwenso ichi kuyambira pachiyambi: si ng'ombe iliyonse imene imaima pa ulendo woyamba. Ngakhale kumene zonse zikuyenda bwino, mwa ng'ombe khumi zopatsidwa mbewu zimaima zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo zotsalazo zimafuna kubwereza. Munthu amene akulonjezeni kuti mbewu yake silephera akukunamizani.

Zipangizo zimene zimafunika

Zipangizo za ntchitoyi tingazigawe patatu.

Gulu loyamba ndi la chinthu chimodzi chodula kwambiri, fulasiki yaikulu yosungiramo mbewu. Imeneyi ndi mgolo wachitsulo wa zikupa ziwiri, umene amathiramo nayitirojeni wamadzi. Madzi amenewa ngozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro, ndipo ndiwo amasunga mbewu kuti isafe. Mtengo wa fulasiki ungafanane ndi wa ng'ombe yaikulu kapena kuposerapo. Koma mtengo wogulira si ndiwo vuto lalikulu. Vuto n'lakuti nayitirojeni amauluka pang'onopang'ono tsiku lililonse, kaya mukugwiritsa ntchito fulasikiyo kaya ayi, ndipo ayenera kuonjezeredwa nthawi isanathe. Akangouma tsiku limodzi, timachubu tonse timene tili m'katimo tatha ntchito, ndipo n'kosatheka kutiumitsanso. Nayitirojeni sapezeka m'sitolo ya pa Nchalo kapena pa Bangula, amachokera kumtunda. Amene akukumbukira mmene msewu waukulu udadukira m'boma la Chikwawa pa namondwe Ana mu Januwale 2022 aona okha tanthauzo lake.

Gulu lachiwiri ndi la zida zogula kamodzi, zimene zimakhala zaka ngati zisamalidwa:

1. Chida chachitsulo chachitali choikira mbewu, chimene ogwira ntchitoyi amachitcha mfuti.
2. Fulasiki yaing'ono, yonga ya tiyi, yosungunuliramo timachubu.
3. Choyezera kutentha kwa madzi.
4. Kopanira kotulutsira kachubu mu fulasiki yaikulu.
5. Sizasi yakuthwa yodulira nsonga ya kachubu, yosagwiritsidwa ntchito ina iliyonse.
6. Ndodo yoyezera kuchuluka kwa nayitirojeni.
7. Bokosi lotsekeka bwino losungiramo zonsezi, epuloni ndi nsapato za jombo.

Gulu lachitatu ndi la zinthu zogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya: kachubu ka mbewu, chimake chapulasitiki chovekera mfuti, golovesi yaitali yofika paphewa, mafuta ake otereretsa ndi mapepala opukutira. Apa ndi pamene anthu ofuna kupulumutsa ndalama amalakwitsa, potsuka chimake kapena golovesi kuti azigwiritsenso ntchito. Kutero n'kusandutsa mfuti ija kukhala nkhunzi yofalitsa matenda, imene timaithawa poyamba paja.

Mutu umodzi susenza denga

Tsono mlimi wa ng'ombe zazikazi zinayi agule chiyani? Yankho langa n'lakuti asagule fulasiki, asagule mfuti, asagule ngakhale kachubu kamodzi koti asunge kunyumba. Taganizani: ng'ombe zinayi zimafuna timachubu tisanu ndi titatu pa chaka, tikachuluka. Palibe nzeru kudyetsa fulasiki nayitirojeni miyezi khumi ndi iwiri chifukwa cha timachubu towerengeka chotere. Ndiponso ntchito yoika mbewu imafuna dzanja lozolowera. Munthu amene amaichita kanayi pa chaka sangaidziwe bwino, ndipo angavulaze ng'ombe.

Njira yotsika mtengo ili motere:

Choyamba, pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Ngati iye sangathe kukuthandizani, akulozerani ku ofesi ya ziweto ya pa boma, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kapena ku likulu la ntchito za ulimi m'Chigwa muno ku Ngabu. Funsani ngati alipo munthu wophunzitsidwa kuika mbewu amene amafika kwanuko, mitundu ya mbewu imene ilipo, ndi mtengo wa ulendo umodzi. Funsaninso ngati kubwereza kuli ndi mtengo wake. Safunsa adadya phula.

Chachiwiri, ngati munthu wotere palibe, sonkhanani alimi oyandikana, dziwitsani amfumu, ndipo muwerenge ng'ombe zazikazi zobereka zimene muli nazo nonse. Zikachuluka, mtolo wa nayitirojeni ndi wa mayendedwe umapepuka pa mlimi aliyense. Gulu lingapemphe kuti mmodzi wa iwo, wodziwa kulemba ndi kuwerenga, wokhazikika pamudzi ndiponso wosamwa mowa mwauchidakwa, akaphunzitsidwe. Zida za gulu lachiwiri zija gulu lingagule. Fulasiki yaikulu ndi bwino ikhale imodzi ya magulu angapo, pamalo ofikika ndi galimoto chaka chonse.

Chachitatu, gulu likhale ndi thumba la ndalama za nayitirojeni lisanagule china chilichonse, ndipo msungichuma asabwereketse ndalama zimenezo ngakhale pa maliro. Zithandizo zambiri zimene mabungwe amabweretsa zimafera pamenepa: fulasiki yoperekedwa mwaulere imakhala mbiya yopanda kanthu mwezi umene bungwe lasiya kulipira.

Ilipo njira inanso yothandiza midzi yakutali. Dotolo wa ziweto angabaye ng'ombe zambiri mankhwala ozichititsa kufuna nkhunzi pa masiku amodzi, kotero kuti woika mbewu amabwera ulendo umodzi ndi fulasiki yake n'kuthandiza zonse. Pamenepo gulu silifunika kusunga fulasiki konse. Koma mankhwalawa si oti mlimi agule yekha. Ena mwa iwo amachotsa bere ngati ng'ombe idaima kale, ndipo amalowa pakhungu la munthu. Mayi woyembekezera ndiponso munthu wodwala mphumu asawakhudze m'pang'ono pomwe.

Zimene mlimi angachite osatulutsa ndalama

Theka la ntchitoyi lili m'manja mwa mwini ng'ombe, ndipo silifuna kwacha ngakhale imodzi.

1. Kakhola kopanikizira. Mangani mizere iwiri ya mitengo yolimba, yotalikirana mongokwana ng'ombe imodzi kuti isathe kutembenuka, ndi mtengo wopingasa kutsogolo ndi kumbuyo. Kakhale pamthunzi, pamalo okwera osafika madzi, pafupi ndi khola. Kakhola komweka kadzakuthandizani pa katemera, popopera mankhwala a nkhupakupa ndi poyeza bere.

2. Kupatula nkhunzi. Ili ndilo vuto lalikulu kuno ku Chigwa. Ngati ng'ombe yofuna nkhunzi ipita kudambo ndi zinzake, nkhunzi yoyendayenda idzaikwera woika mbewu asanafike, ndipo inu mudzalipira thole limene si la mbewu munagula. Ng'ombe yotere ikhale pakhomo, muipatse udzu ndi madzi, kuyambira pamene mwaiona kufikira masiku awiri itapatsidwa mbewu. Ng'ombe zamphongo zosafunika kubereketsa zithenedwe zili zazing'ono. Mlangizi ali ndi chida chothenera popanda kutaya magazi. Zofulidwa zimanenepa bwino ndipo zimakoka ngolo.

3. Kudyetsa bwino. Ng'ombe yoonekera nthiti siifuna nkhunzi, ndipo ikapatsidwa mbewu siima. Sungani mapesi a chimanga ndi a mapira, masangwi a nyemba ndi a mtedza, ndi madeya, kuti zithandize m'chilimwe. Madzi akumwa asasowe.

4. Kuzindikira nthawi. Ng'ombe yosaima imafuna nkhunzi pakapita masiku 18 mpaka 24 alionse, kawirikawiri masiku 21. Zizindikiro zake ndi izi: imalira ndi kusakhazikika, imachepetsa kudya, imanunkhiza ndi kukwera zinzake, kumaliseche kumatupa ndi kufiira, ndipo kumatuluka chinanda choyera chonanda ngati choyera cha dzira. Chizindikiro chosanama n'chimodzi: ikakweredwa ndi inzake imaima osathawa. Ng'ombe zathu zalinunda zimaonetsa zimenezi kwa maola ochepa, ndipo nthawi zambiri usiku, makamaka kukatentha. Choncho ziyang'aneni m'mamawa musanatsekule khola ndiponso madzulo zitalowa, kwa mphindi makumi awiri kapena atatu. Mnyamata wobusa ndiye amakhala nazo tsiku lonse. Muphunzitseni zizindikirozi ndipo muzimufunsa.

5. Kutumiza uthenga msanga. Lamulo lake n'lapafupi: ng'ombe yooneka m'mawa ipatsidwe mbewu madzulo a tsiku lomwelo, yooneka madzulo ipatsidwe m'mawa mwake. Imbani foni nthawi yomweyo. Mukaona timagazi kumchira patapita tsiku limodzi kapena awiri, dziwani kuti nthawi yapita. Werengani masiku ndi kudikira ulendo wina.

6. Kaundula. Gulani kope la sukulu. Lembani dzina la ng'ombe, tsiku imene idafuna nkhunzi, tsiku idapatsidwa mbewu, ndi nambala ya nkhunzi yolembedwa pa kachubu. Pemphani kachubu kopanda kanthuko mukasunge. Pakatha masiku 18 yambani kuiyang'anitsitsa. Ikapanda kufunanso nkhunzi, mwina yaima, ndipo mlangizi angatsimikize pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Bere la ng'ombe limatenga miyezi isanu ndi inayi ndi masiku pang'ono. Kaundulayu adzakutetezaninso kuti mwana wa ng'ombeyo asadzapatsidwe mbewu ya atate wake.

Za nyengo, miyezi ya Malichi ndi Epulo njabwino chifukwa ng'ombe zimakhala zitakhuta msipu ndipo kutentha kwayamba kuchepa. Thole lidzabadwa mu Disembala kapena Januwale, udzu uli wambiri. Koma imeneyo ndi nyengonso ya madzi osefukira, monga tidaonera mu Januwale 2015 ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene ziweto zambiri zidapita ndi madzi. Khola la ng'ombe ya bere likhale kumtunda.

Muyang'ane mmene ntchito ikugwiridwira

Mwini ng'ombe ali ndi ufulu woona ngati ndalama zake zikugwira ntchito. Woika mbewu wodziwa ntchito amatulutsa kachubu mofulumira, osasiya tinzake pamphepo. Amakaviika m'madzi ofunda a madigiri 35 mpaka 37 kwa theka la mphindi kapena kupitirira pang'ono, ndipo amayeza madziwo ndi choyezera, osati ndi chala. Amakapukuta, chifukwa dontho la madzi limapha mbewu, ndipo amakabisa ku dzuwa. Amapukuta kumaliseche kwa ng'ombe, amalowetsa dzanja la golovesi kotulukira ndowe kuti agwire khomo la chibaliro, n'kulondolera mfuti mofatsa mpaka itadutsa khomolo. Zonsezi zithe pasanapite mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu chisungunulire. Munthu wobwera ndi kachubu m'thumba la malaya kapena m'madzi oundana a m'firiji asakhudze ng'ombe yanu.

Walira mvula walira matope

Alimi ambiri akamva za njirayi amafuna ng'ombe yaikulu yamawanga akuda ndi oyera, ya mtundu wa Friesian, imene adaiona ku Thyolo. Chenjerani. Ng'ombe imeneyo idachokera kumaiko ozizira. Kuno imapuma mwawefuwefu, imasiya kudya, imagwa msanga ndi matenda a nkhupakupa, ndipo mkaka umene mumayembekeza suoneka. Ndiponso mbewu ya nkhunzi ya mtundu waukulu ikaikidwa mwa msoti waung'ono wa makolo, thole lingakule mopyola njira, ndipo mungataye mayi ndi mwana yemwe.

Wofuna mkaka afunse za mtundu wa Jersey, umene ngwaung'ono thupi, umabereka matole aang'ono ndipo umapirirako kutentha. Wofuna nyama ndi ng'ombe zokoka afunse za Brahman kapena mitundu ina yalinunda ya kumaiko otentha. Mulimonsemo, magazi a ng'ombe ya makolo asathe m'khola: theka ndi theka ndiwo muyezo wabwino poyambira. Yambani ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri zimene zidaberekapo kale popanda vuto, ndipo papite miyezi iwiri chiberekere. Thole la mtundu wosakaniza limafuna mthunzi, chakudya choonjezera, mankhwala a njoka za m'mimba ndi kupopera nkhupakupa mosadumphitsa. Amene sali wokonzeka kuchita zimenezi, ng'ombe za makolo zimuyenera koposa.

Kudziteteza ku matenda

Tafika tsopano pa gawo limene likukhudza ntchito yanga. Tsiku lina ndidayendera bambo wina amene adakhala akubwerabwera kuchipatala miyezi itatu ndi kutentha thupi. Magazi ake sankaonetsa malungo, koma iye adapitiriza kugula mankhwala a malungo m'magolosale. Ankatuluka thukuta usiku, msana ndi mawondo zinkaphwanya, ndipo adalephera kulima chaka chimenecho. Pocheza naye ndidamva kuti ng'ombe zake ziwiri zidataya mabere aakulu, ndipo iye adachotsa nsengwa yokakamira ndi manja opanda kanthu. Zotayikazo adaponyera agalu, ndipo banja lidapitiriza kumwa mkaka wosawiritsa. Palibe amene adamufunsa za ng'ombe, ndipo iye sadaganize kuti n'zofunika kuzinena.

Matenda amene tidawaganizira, amene madotolo amawatcha brucellosis, amachotsa bere la ng'ombe likakhala la miyezi isanu kupita m'tsogolo. Dzina lake lidachokera kwa David Bruce, amene adapeza kachilombo kake pa chilumba cha Malta m'chaka cha 1887, ndipo pambuyo pake adadzagwira ntchito yofufuza matenda a kaodzera m'dziko muno nkhondo ya 1914 isanayambe. Tizilombo take timachuluka m'madzi a ubereki, m'nsengwa, m'thole lotayika ndi mumkaka. Ng'ombe zina zimatenga ponyambita zimenezi kapena podya udzu umene zagwerapo, kotero musaganize kuti kusiya nkhunzi kokha kudzathetsa matendawa. Munthu amatenga kudzera m'mabala a m'manja, m'maso, ndi pomwa mkaka wosawiritsa. Amachizika, koma ndi mankhwala a mitundu iwiri omwa kwa milungu isanu ndi umodzi osalekeza.

Tsatirani malamulo awa:

1. Musalowetse dzanja lopanda golovesi m'thupi la ng'ombe. Sambani ndi sopo musanayambe ndiponso mukatha.
2. Thole lotayika ndi nsengwa zikwiriridwe m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime, kapena zitenthedwe. Musapatse agalu, musadye.
3. Ng'ombe yotaya bere ipatulidwe, ndipo mlangizi adziwitsidwe tsiku lomwelo. Isapatsidwe mbewu asanaione.
4. Amayi oyembekezera ndi ana asathandize ng'ombe pobereka.
5. Magolovesi ndi zimake zogwiritsidwa ntchito zitenthedwe kapena ziponyedwe m'chimbudzi chokumba. Ana amazitola n'kumasewera nazo, ndipo ng'ombe ikameza pulasitiki imadwala.
6. Mukadwala malungo osamva mankhwala, uzani adotolo kuti mumaweta ng'ombe.

Nayitirojeni nayenso ngoopsa. Akadonthera pakhungu amaotcha ngati moto, ndipo akagwera m'diso angalichititse khungu. Fulasiki isakhale m'chipinda chogona kapena chotsekedwa, chifukwa mpweya wake ulibe fungo koma umathamangitsa mpweya umene timapuma. Ikhale choimirira pa thabwa, pamalo ouma opita mphepo, kosafika ana, ndipo chotsekera chake chisamangidwe mothina. Wopsa ndi nayitirojeni aviike malowo m'madzi ofunda pang'ono, asatikite, ndipo apite kuchipatala.

Kumbukiraninso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene amabuka kawirikawiri m'Chigwa muno, ndipo njati za ku Lengwe zimasunga kachilombo kake. Boma likaletsa kuyendetsa ziweto, woika mbewu nayenso asayendeyende m'makola, pakuti nsapato ndi zovala zake zinganyamule matendawa.

Mkaka ukabwera

Cholinga cha zonsezi ndi mkaka m'kapu ya mwana. Wokama asambe m'manja, atsuke mawere a ng'ombe ndi madzi oyera, ndipo chokamira chikhale chotsukidwa ndi sopo ndi kuumitsidwa pathandala. Munthu wotsokomola nthawi yaitali kapena wotsekula m'mimba asakame. Mkaka uwiritsidwe mpaka utabwadamuka, chifukwa moto umapha tizilombo ta matenda tatchula aja ndi ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe, chimene chimagwiranso anthu. Chambiko chipangidwe ndi mkaka wowiritsa. Kusasa kokha sikupha tizilombo tonse. Ng'ombe ikabayidwa mankhwala, funsani mlangizi masiku oyenera kudikira musanamwe mkaka wake.

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ayamwe bere la amayi ake lokha. Akapyola pamenepo, thirani mkaka wowiritsa m'phala lake, uku akupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri. Ndipo inu abambo, musagulitse mkaka wonse. Lita yoyamba ikhale ya ana ndi ya mayi woyembekezera kapena woyamwitsa.

Mafunso oti mukambirane kumudzi

1. N'chifukwa chiyani mlimi wa ng'ombe zochepa sayenera kugula fulasiki yakeyake?
2. Ng'ombe yanu yaima pokweredwa ndi inzake Lachiwiri madzulo. Ipatsidwe mbewu liti, ndipo igone kuti?
3. Ndani m'mudzi mwanu ali ndi ng'ombe zimene zidataya bere chaka chino, ndipo zotayikazo zidapita kuti?
4. Kodi alimi angati a m'dera lanu angavomere kusonkha ndalama za nayitirojeni mwezi ndi mwezi?

Mukatha kuwerenga, musasunge magaziniwa m'thumba. Awerengereni amene sadziwa kuwerenga, ndipo pa tsiku la msonkhano wa mudzi muitane mlangizi wa ziweto ndi mlangizi wa za umoyo kuti adzakhale pamodzi ndi kuyankha mafunso anu.